Wokwera Wopanda Miyendo

Usiku wachisanu ndi chinayi m'wodi ya amuna.
Mwendo wanga wapachikidwa ngati nyama ya pamsika wa Kapata,
zitsulo zinayi zaboola fupa,
ndipo njinga yomwe yandidyetsa zaka khumi ndi ziwiri
yagona kupolisi, yopindika ngati chikwakwa.

Jakisoni wa madzulo watha mphamvu.
Sisita Tikambenji ali okha, mabedi makumi atatu,
nsapato zawo zikulira kutali, komwe wina akusanza.

Ndiye kamabwera.
Msinkhu wa mwana wa giredi wani,
koyera mbee, mawilo osalira,
maso awiri obulungira, ochedwa kuphethira.
Tsiku loyamba a Msoni a pabedi seveni anakawaza madzi,
ati kadzidzi walowa m'chipatala, wina sadzuka mawa.
Dzina linakakamira. Kadzidzi.

"A Yobe, ululu wanu uli pa nambala yanji,
kuyambira wani mpaka teni?"
Chinyanja chake ncha pawailesi, chochapa, chosita.
Ndinati: ululu sunapite kusukulu, iwe.
Uli ndi mano basi.

Sikanakwiye. Mwina sikatha.
"Pumani nane," kanatero,
kuwala kwa pachifuwa pake kukufufuma, kukuphwa,
kukufufuma, kukuphwa.
Ine, bambo wa ana anayi,
kuphunzitsidwa kupuma ndi chitini!
Koma ndinapuma.

Kenako: "Sindinauonepo mzinda wanu.
Mungandikweze?"

Ndinaseka mpaka zitsulo zinandilanga.
Kwera, ndinatero, koma teni kwacha, palibe ngongole.
Ndinatseka maso.
Tinanyamuka pa Kapata pakati pa fungo la kapenta ndi dizilo,
tinalambalala amayi a tomato, belu ngili ngili,
tinawoloka Lunkhwakwa, madzi ake akuda ndi mapepala a shuga,
phiri la Kanjala likutiyang'ana ngati mlamu wosalankhula.
Pachitunda ndinaimirira pa mapedulo,
miyendo yonse iwiri, yanga, yamoyo,
thukuta likutsika m'khosi.
"Kumanzereku kuli chiyani?"
Telala amene anasoka diresi ya Zelipa ya ukwati.
"Nanga uko?"
Uko sitipitako. Ndi pomwe lole ija inanditola.
"Tikhotere kwina," kanatero, mofatsa.
Tinakhotera ku Mchini, kwathu,
komwe Zelipa amawerenga makobidi a makala pachitenje,
kuwerenganso, ngati angaswane.

Pomwe ndinkatsegula maso mawindo anali atayera.
Galu uja anali akadali m'fupa, inde,
koma atagona, mutu pa zikhadabo.

Musandimve molakwa.
Kalibe dzanja lofunda.
A Msoni atatsikira kumochale Lachitatu
kanangoima pambali pa bedi lopanda munthu,
maso akuyaka chimodzimodzi, osanyowa.
Amene analira ndi Sisita, kuseri kwa chitseko, mwachangu,
kenako nkusamba m'manja, nkubwera ndi mapiritsi.
Ndipo Zelipa akafika nthawi ya alendo
nkuyika chikhatho chake chokhakhala pamphumi panga,
palibe waya amene angafikepo.

Koma Zelipa amatulutsidwa belu likalira,
ndipo usiku wa m'chipatala ndi msewu wa ku Lundazi,
wautali, wamaenje, wopanda nyale.
Munthu umayamba kuwerengera lendi,
fizi ya Dalitso, mawu a dokotala akuti "tiona,"
mtima nkumathamanga wopanda mabuleki.
Pamenepo ngakhale chitini chikafunsa kuti muli bwanji
umayankha.

Dzulo pakati pa ulendo, tili pafupi ndi Navutika,
mawu ake anayamba kukoka.
"Pepani, a Yobe, batire yanga yatsika."
Kanadzikokera kukhoma, nkuyamwa magetsi ngati khanda,
maso atazima.

Ndinakayang'anira mpaka mbandakucha.
Wina amayenera kutero.
Kali ndi ngongole yanga ya maulendo asanu ndi atatu,
ndipo wokwera sasiyidwa panjira.