Msoko wa Atate

Ku Groningen dziko ndi lambalambanda,
mphepo ya kunyanja siodira pakhomo.
Pansi pa minda ya mbatata, mamita awiri kuya,
pagona paipi imene atate anawotcherera
ine ndisanabadwe.
Pambali pa msoko anadinda dzina: Tjakko.

Zaka makumi anayi paipi iyi inanyamula gasi,
kufunditsa mizinda imene sitinapondeko.
Kenako nthaka inayamba kutsokomola usiku.
Mng'alu unakwera khoma la kukhitchini,
kudutsa kuseri kwa wotchi,
amayi nkumauyeza ndi chala chaka chilichonse
monga ankayezera msinkhu wanga pachitseko.
Zitsime za gasi zinatsekedwa.
Mng'alu unatsala.

Tsopano akuti hayidirojeni.
Pamapu a ku ofesi mizere yobiriwira
ikuthamangira kudoko, kumafakitale a zitsulo,
kumapanga a mchere komwe adzamusungire.
Kunyanja mapiko oyera akupalasa mphepo,
magetsi ake nkung'amba madzi pakati.

Ine ntchito yanga ndi kugwada m'matope
ndi kamakina komvera m'kati mwa chitsulo.
Mlendo akubwerayu alibe fungo.
Amalowa pamene nsonga ya singano ingabwerere,
akayaka masana lawi lake silioneka;
akale ankayenda atatsogoza tsache,
likanyeka ndiye adziwa.

Nditawafotokozera, atate anaseka mpaka chifuwa:
"Renske, boma likufuna kuweta mzukwa
m'paipi yanga?"

Lachiwiri, mvula ikuwaza,
kamakina kanalira pa msoko wawo.
Ndinayezanso. Ndinapukuta, ndinayezanso.
Kamng'alu kochepa kuposa tsitsi,
gasi anakalambalala moyo wake wonse.
Choko chofiira chinandilemera m'manja
koma ndinalemba.

Chidutswa chimene tinadula ndinapita nacho kunyumba,
mkombero wolemera, wa dzimbiri m'mphepete.
Anachiyendetsa chala chachikulu, maso ali chitsinzinire.
"Apa. Kunali chisanu choluma tsiku limenelo,
zala sindinkazimva,
kapitawo ali pamsana ndi wotchi yake."
Tiyi anazizira patebulo.

"Nanga wowotcherera watsopano ndani?"
Ndinati mnyamata wina, Wubbo, manja ake ndi odekha.
"Umuuze asathamange.
Chosaoneka sichikhululuka."

Usiku chidutswacho anachiika pashelefu,
pansi pa wotchi,
pamene mng'alu wa khoma umakhotera kumanzere.
Kunja mphepo inali pantchito,
sinafunse aliyense wa ife.