Mgolo Wachitatu

Ndine amene ndinatsuka pampu m'khwawa muja,
Lachinayi, dzuwa la ku Ngabu litandisenda mapewa,
nditatha kupopera thonje la bambo Fatchi.
Thovu linatsetsereka mosapupuluma
ngati likudziwa khomo lomwe likupita.
Kutacha, matemba anali chagada,
achule kuti zii,
mkazi wanga n'kutunga pomwepo
poti mjigo wathu umalavula mchere wokhawokha.

Tinawiritsa. Fungo linakana.
Tinathira kolorini wa kuchipatala.
Ameneyo amapha zamoyo, anatero a zaumoyo,
koma poizoni alibe mpweya woti n'kumutsamwitsa.

Esinala, wachiwiri wanga,
yemwe ndinkati sukulu yamukulitsa mtima,
anafika ndi migolo itatu pa ngolo ya Zuze.
Woyamba anadzazamo miyala,
wachiwiri mchenga wotsukatsuka,
wachitatu makala a zitsononkho
ootchedwa m'mgolo wina mpaka kuyera moto,
osinjidwa mu mtondo wa amake.
Ndinaseka:
madzi oipa kale, uwadetsenso ndi makala?
Sanatukule mutu. Munsi unandiyankha.

Madzulo ndi pomwe anati,
Ababa, khala lililonse lili ndi timapanga
toti diso silingawerenge.
Mankhwala anu akalowamo, amakanirira.

Mankhwala anu.
Mawuwo ndinagona nawo pamphasa.

Madziwo amadontha ngati munthu wobweza ngongole,
ndowa imodzi mpaka mthunzi wa msangu utembenuke.
Botolo loyamba analitumiza kukayezedwa ku Blantyre,
tinadikira masabata asanu, tikugula madzi a pa njinga.
Pepala litabwera analiwerenga kawiri,
kenaka anatunga kapu, nandipatsa ine poyamba.
Sindinadziwe ngati ndi ulemu
kapena mlandu.

Makala nawo amakhuta, akutero,
amafika posalandiranso mlendo.
Tsiku lowasintha ndimawasenza ndine,
thumba lonyowa likundidontheza msana,
kukawakwirira kumtunda, kutali ndi khwawa,
pafupi ndi dzenje lomwe ndimatsukiramo pampu tsopano.

Thonje ndikupoperabe.
Mbozi sizinamve za migolo,
ndipo fizi ya mng'ono wake ikudikira Meyi.
Koma dzulo, ndikudutsa pa khwawa ndi pampu kumsana,
ndinamva chule mmodzi,
mmodzi yekha, wa mawu osasa,
ndipo ndinaima pamenepo
mpaka udzudzu unandithamangitsa.