Mwala wa pa Khona Lachiwiri

Dzinja lonse ndakhala ndikuwerenga mano.
Osati anga. A giya.
Makumi anayi ndi limodzi pa gudumu, makumi awiri pa shafuti,
kuchokera pa chithunzi chofwifwa
chomwe wina anatayirapo khofi
penipeni pomwe ndikufuna kuona.

Inali injini yokoka zipika m'mapiri muno mwa West Virginia,
chilombo chopendekeka: thanki ya nthunzi yathawira kumanzere,
masilinda atatu aima njo kumanja
ngati anthu atatu olimbirana mpini umodzi.
Phokoso lake, ungati ikuthawa moto.
Koma mwana woyenda pansi akanaipitirira,
n'kuima, n'kumanga zingwe za nsapato, n'kuidikira.

Ndaimanga pa kompyuta, pamwamba pa garaja ku Marlinton,
nati ndi nati, mpope ndi mpope,
khofi akuzizira, chipale chikuunjikana pawindo.
Nkhalango ndinadzala ndi chala chimodzi:
dinu, mitengo zikwi zisanu,
yomwe ija injiniyi inatsitsa kuphiri mpaka phiri linachita dazi.
Ndaibwezera kuti ikaitsitsenso.
Sindinapeze woti ndimufunse ngati n'zanzeru.

Lachisanu ndinakatenga bambo Orval Hedrick,
zaka makumi asanu ndi anayi ndi chimodzi,
khutu lakumanja linafa kale, mbali ya magiya.
Masitepe khumi ndi anayi tinakwera mphindi khumi.
Anati, mmenemo ndi mmene inkakwerera.

Ndinawapatsa mpando, ndinawaonetsa batani la nthunzi, la buleki, la mchenga.
Anayang'ana nthawi yaitali, milomo ili pamodzi.
Yayera kwambiri, anatero.
Ndani anaisambitsa?
Girisi ankafika m'makutu. Mkazi wanga ankawiritsa malaya kawiri.

Ndinaidetsa.

Anatembenuza khutu lamoyo.
Ikupuma ngati wathanzi. Silinda yapakati inkatsimphina,
tcha, tcha, kenako kaphokoso kochedwa,
ngati munthu wofuna kutsokomola m'tchalitchi.
Anatenga supuni yanga n'kugogoda m'mphepete mwa tebulo.
Ndinajambula supuniyo. Ilimo mpaka lero.

Kenako anayendetsa.
Dzanja la zala zitatu pa kiyibodi,
njanji yonyowa, magudumu khumi ndi awiri onse akuluma pamodzi,
phiri likubwera pang'onopang'ono ngati ngongole.
Pokhota poyamba anaima, anabwerera chambuyo kukwera,
osandifunsa kanthu.
Phewa lawo linkapendekera kumanja lokha.

Pa khona lachiwiri anamanga buleki.
Nthunzi yabodza inkatuluka, mbalame zanga zabodza zikulira
kulira komwekomwe masekondi makumi atatu aliwonse.

Apa panali mwala, anatero. Waukulu ngati chitofu.
Delmer Wamsley ankathamanga pamwamba pa zipika kukamanga mabuleki,
m'mawa wa chisanu, makungwa ataundana.
Tinamukhazika pamwalawo podikira dokotala.
Anapempha fodya. Sanamalize.

Sindinayankhe. Fani ya kompyuta inkangolira.

Usiku womwewo ndinaumba mwala.
Pa zonse ndapanga, ndi wosavuta kuposa china chilichonse:
ngodya makumi atatu, imvi pang'ono, ndere mbali ya kumpoto.
Ndinausuntha kasanu ndi kawiri
mpaka Lamlungu anati, eya, pamenepo, usaukhudzenso.

Tsopano anthu mazana atatu atsitsa njira yangayi.
Wina wa ku Finland akuti wezulo wakwera mawu.
Wina akuti marivete a pa thanki ndi ochepa ndi awiri,
ndipo akunena zoona, ndawerenganso.
Amakwera phiri usiku, m'zipinda zawo,
supuni ya bambo Hedrick ikugogoda m'makutu mwawo,
n'kudutsa pa khona lachiwiri pa liwiro la munthu woyenda pansi.

Za mwalawo palibe walembapo.
Fungo la malasha onyowa ndalephera kuliikamo.
Bambo Hedrick masitepe aja sakwanitsanso;
amaimba foni kufunsa ngati mchenga ulipo wokwanira.