Amandidzera Kumanzere

Usiku uliwonse amandipha mofanana.
Ndabisala kuseri kwa khoma, mfuti ili m'manja,
mahedifoni andifinya mpaka makutu kutentha,
wina n'kungotulukira kumanzere, phuu!
Zeferino ali ku Moatize, akuseka pa maikolofoni:
"Iwe Anacleto, munthu akuponda ngati mbuzi pa malata,
sunamumve?"

Sindinamumve.
Ndinkangomva nyenje ikulira m'kati mwa waya,
ndikasuntha mausi, iyo n'kukweza mawu.
Ndinati mlandu ndi wa kompyutayi,
inabwera kwathu itatopa kale m'maofesi a anthu ena.

Miyezi inayi ndinaponya mametikali m'chitini cha mkaka,
ndalama zonunkha gaga,
za ku chigayo kumene ndimathira chimanga
kuyambira mbandakucha mpaka nkhuku kulowa,
injini ikubangula pafupi ndi phewa langa.

Chapa cha m'mawa chinanyamuka pa Ulongwe
matumba a mbatatesi atatipanikiza mawondo.
Pa Musakama ndinavula juzi.
Titawoloka Zambezi, dzuwa la ku Tete linandigwira pakhosi
ngati ndili nalo ngongole.

Ku Kwachena, mayi Ermelinda anayala makadi a mawu atatu pa galasi.
Yoyamba yobiriwira, ya mano agolide,
yolowetsa m'mimba mwa kompyuta.
"Iyi ikakhala m'katimo imamvako miseche ya anzake,
mafani, magetsi.
Nyenje yakoyo ikhoza kungosamukira nyumba yatsopano."
Yachiwiri inali kachala chabe, mtengo wa nkhuku imodzi.
Sanakalankhulire n'komwe.
Yachitatu kabokosi kakuda, kozizira, kolemera pang'ono,
kokhala kunja, kali ndi chopotokolera chimodzi.

"Mahedifoni akowo ndi a maomu angati?"
Ndinayang'ana pansi.
Anawatembenuza, anawerenga timalemba tofufutika:
"Makumi asanu ndi atatu. Awa safuna kunyengereredwa,
amafuna chowakankha, ngati ngolo pa chitunda."
Ine maso anali pa katoni ina yowala,
yolonjeza mawu ochokera mbali zisanu ndi ziwiri.
"Makutu uli nawo angati?"
"Awiri."
"Ndiye lipirira awiriwo."

Ndinafika kunyumba magetsi atangobwera.
Ndinalumikiza kabokosi, ndinapotokola.
Zii.
Nyenje yasamuka.
Ndinamva udzu ukupindika pansi pa nsapato,
chipolopolo chikugubuduka pa simenti,
chitseko chikulira patali, m'nyumba imene sindinalowemo.
Ndinamwetulira ndekha.
Kenako, kumanzere, phuu!

Dulcia, mlongo wanga, anasiya makope ake pa mkeka.
"Tabwerekeni kuno."
Mahedifoni anamulendewera mpaka m'masaya.
Sanathe ndi mphindi:
"Achimwene, wina akukwera masitepe kumanzereku,
wavala nsapato zolemera,
mwendo umodzi akuukoka."

Ndinawalanda, ndinawavala motembenuza,
lakumanzere kumanja.
Ndi uyo. Gu, gu, gu.
Munthu amene wandipha chaka chathunthu
ndinamumva kupuma.

Ndinawavula.
Ndinatseka khutu lakumanja ndi chala.
Dulcia ankalankhula, milomo ikuyenda,
mawu ake akuchokera kutsidya,
ngati munthu woitana bwato madzulo a mphepo.
Ndipo pansi pa mawuwo, mopanda waya, mopanda kompyuta,
injini ya chigayo inali ikuyendabe.

Kabokosi sindinakabweze. Kalibe mlandu.
Mayi Ermelinda anandifunsa bwino,
ndine ndinawerenga molakwa.

M'mawa ndinang'amba thonje la m'botolo la mankhwala,
ndinatseka makutu onse, lamoyo ndi lodwala,
anzanga pa chigayo akuseka kuti ndakhala nduna.
Ku chipatala akuti ndibwere Lachinayi.

Usiku Zeferino anafunsa ngati kadi yafika.
Ndinati yafika, ikumveka bwino.
Ndinati, tikalowa m'nyumba ija,
iwe uziyenda kumanzere kwanga.