Zimene Lifeyo Anafufuta

Mayi Nankhoma anabwera nayo m'chitenje laputopuyo,
ngati mwana wodwala,
kuchokera ku Chamama pa kabaza.
Anati, "Malemu ankafufuta zonse asanagone.
Ndipezereni dzina la mkaziyo."

Ine ntchito yanga n'kukunkha.
Kompyuta siiwala, imangonamizira:
imazula chikwangwani, nyumba n'kutsala.
Ndinalumikiza waya, pulogalamu inayamba kufukula
pang'onopang'ono, ngati wokumba mtedza nthaka itauma.
Magetsi anathima kawiri.
Pa depoti ya Kasungu oitanira anasasa mawu.

Kenaka mizere inatuluka, uliwonse ndi ola lake.
Mtengo wa fodya ku okushoni.
Zigoli za mpira.
Pakati pa usiku: kutsokomola magazi n'chiyani?
Mawa lake, funso lomwelo.
Fizi ya sukulu ya unamwino.
Kalembedwe ka wilo.
Kutsokomola magazi, kachisanu ndi chiwiri.

"Mwam'peza?"
Ndinawatembenuzira galasi.
Anawerenga ndi chala, milomo ikuyenda.
Pa mzere wa unamwino chala chinaima.
"Apa ankaganiza za Tiyanjane, wathu wachisamba."

Analipira, chenji n'kuiwala.
Madzulo amenewo
ine zanga sindinafufute.