Wogwa Samenya

Malaiti apita Kapata yense.
Kandulo tamuimika m'kamwa mwa botolo,
tebulo lotsimphina talichirikiza ndi katoni wa sopo.
Pamwamba pake pali mlatho wojambula ndi khala,
zitsekerero zisanu za mabotolo, ndiwo achifwamba anga,
ndi batani limodzi lofiira:
msilikali wa Esnati,
amene dayisi yangomugwetsa chagada m'thope.

Buku lathu la malamulo ndi fotokope ya fotokope,
tinapangitsa m'tauni tsiku lomwe inki inkatha.
Pansi penipeni pa tsamba pali mawu awiri okha:
wogwa samenya.
Mzere wotsatira makina anameza.

Yotamu waloza ndi chala chonona mafuta a vitumbuwa.
Wagwa, wagwa basi, akutero.
Ndani anamutuma kuthamanga pamlatho kukugwa mvula?
Walira mvula walira matope.
Chonsecho ali gulu limodzi ndi Esnati,
koma Yotamu angalole kufa bukulo litalemekezedwa.

Esnati wachoka kumene kuwodi, nsapato zoyera sanavule.
Akuti kugwa kulipo kuwiri.
Kwina timathamangira ndi machira,
kwina timakoka nsalu mpaka kumutu.
Wanga akupuma. Mkondo uli m'manja.
Bondo la chigawenga lili apa, pamphuno pake.

Penyani, amene amapalasa anthu panjinga tsiku lonse,
wapinda thalauza kutionetsa chipsera.
Lachiwiri ndinagwa pamsika, akutero,
ndipo ndili chigonere
ndinamugwira mwendo amene amathawa ndi chenji yanga.
Taseka mpaka lawi lagwada.

Kenako zii. Maso atatu awiriawiri ali pa ine.

Masana ndimamasulira kukhoti.
Liwu limodzi lachingerezi ndimaliveka malaya achinyanja,
munthu n'kubwerera kwawo
kapena kukwera galimoto ya ku Namuseche.
Kumeneko kuweruza si kwanga,
ndimangonyamula madzi a eni m'manja obowoka.
Ndinabwera kuno kudzapuma,
ndipo taonani, mawu anditsatira
ngati galu wodziwa fungo la thumba.

Amene analemba bukuli ali kutsidya kwa nyanja zingati?
Ankaganiza za mtembo kapena za munthu woterereka?
Mwina naye ankafuna kukagona.
Ndazondotsa tsamba, ndaliyang'ana chopenyetsa pakandulo,
ngati mzere wosowawo ungatuluke ndi kutentha.

Ndanyowetsa pensulo palilime.
M'mphepete ndalemba, ndi deti lomwe:
wogona pansi amenye,
koma pa chimene dayisi ipereke tichotsapo zinayi.
Ndipo mumve bwino,
mawa chigawenga changa chikadzagwa pamapazi anu
nacho chidzaluma.
Yotamu wang'ung'udza, koma wakopera m'kope mwake.

Esnati wauzira mpweya m'chibakera.
Waponya.
Dayisi yadumpha mlatho, yagunda botolo,
yatsetsereka kumene tebulo limapendekera,
gobede! pasimenti,
mpaka kuseri kwa mbaula.

Tonse anayi tagwada ndi tochi ya foni.
Iyo ili phee pakati pa phulusa ndi khoko la nthochi,
yayang'ana kudenga:
makumi awiri, nambala yomwe sitinaione chiyambire Epulo.

Esnati walulutira, agalu a kwa Daka ayankha.
Yotamu sanadzuke.
Akuyang'ana dayisi ili pansi,
akuyang'ana ine,
ndipo pang'onopang'ono, mokoma, ngati m'busa potseka pemphero:
wogwa, akutero, samenya.