Mabawuti Anayi

Mabawuti anayi okha, anatero Lufeyo wa pa Lizulu
akundikulungira sipika m'nyuzipepala yakale.
Anayi basi, achemwali, tiyi asanazizire mwatha.
Sanandiuze kuti lachinayi linakwatirana ndi dzimbiri
ine ndisanabadwe.

Ndiye ndagona chagada pansi pa chiwongolero,
miyendo kunja, mutu watsamira kilatchi,
foni ndaluma kuti indiunikire.
Mphepo ya Juni yochokera ku Tsangano
yandipeza m'zidendene.
Pijo ya bambo ikununkha monga kale:
oyilo, fumbi, ndi masaka a kachewere
amene inasiya kunyamula zaka zisanu zapitazo.

Kuseri kwa dashibodi kuli mudzi wina.
Mazira a mphemvu. Makoko a mtedza.
Tikiti ya msika yofufuma ndi chinyezi,
tambala imodzi yakuda bii,
ndi chipini cha tsitsi cha malemu amayi,
chija anachifuna sabata yathunthu
n'kumandiyang'ana ine.

Yakale yatuluka ndi phulusa lake.
Pepala lang'ambika ngati tsamba la mpiru
lomwe mbozi zinachitirapo msonkhano.
Koma maginito akadali ndi mphamvu,
agwira sikuludiraiva wanga osafuna kutaya
ngati nkhalamba imene yakuzindikira pa moni.

Kamwa iyi ndiyo inatilera pamsewu.
Inkalankhulira m'mphuno,
zigoli zonse zinkamveka ngati munthu akutsokomola.
Ikafika nthawi ya mauthenga a maliro
a Ngozo ankapatuka, n'kuzimitsa injini,
kabichi akufota kumbuyo,
mpaka dzina lomaliza litatchulidwa.
Tikagwa m'dzenje pa Mlangeni inkangoti zii,
iwo n'kuimenya kawiri ndi chikhatho, pha pha,
iyo n'kupitiriza pomwe inalekera.
Pamalo pamenepo utoto unatha.
Pakuwala mpaka lero.

Yatsopanoyi yakula ndi chala chimodzi.
Mabowo atatu avomera.
Lachinayi ndalumikiza ndi kawaya ka khola la nkhuku,
ndani adzasuzumira kuno?
Mawaya aja, wofiira ndi wakuda,
onse asanduka a mtundu wa dothi,
ndangoombeza,
ndakulunga tepi, ndatsekera.

Bambo akhala pampando wawo, chipewa chaubweya kumutu,
manja pa chiwongolero cha galimoto
yoimikidwa pa njerwa.
Ndatembenuza kiyi.

Choyamba mvula yopanda madzi, shwaa.
Kenako Chipwitikizi cha kutsidya kwa msewu,
pakuti kuno wailesi sidziwa malire.
Ndapotoza pang'ono:
mayi wina akuwerenga mitengo ya feteleza,
mawu oyera mbee, mpaka mpweya wake ukumveka,
mpaka pepala akamalitembenuza.
Galimoto iyi sinalankhulepo chonchi.

Ndacheuka.
Bambo akuyang'ana milomo yanga.
Yayamba? afunsa mokweza,
monga afunsira chilichonse
chichokereni kuchipatala ndi malungo aja
amene anawasiyira moyo n'kutenga makutu.
Ndinkadziwa.
Ndinkadziwa pokwera minibasi,
ndinkadziwa powerengera Lufeyo ndalama za matimati anga.

Ndagwedeza mutu.
Atambasula dzanja pang'onopang'ono
kulunjika paja utoto unatha.
Sanamenye.
Angoika chikhatho, n'kutsinzina,
ngati poyesa mwana kutentha thupi.
Mayi uja wamaliza, yalowa nyimbo ya ng'oma.
Chala chawo chapakati chayamba kugunda,
chikuphonya, chikupeza, chikuphonyanso.

Nkhungu yatsika mpaka pa boneti.
Mbuzi ya a Nachisale yabwera kudzanunkhiza
sipika yakale ija paudzu.
Ine ndikupukuta manja pachitenje
nthawi yaitali kuposa mmene adera.

Atsegula diso limodzi.
Iwe Nangozo, atero,
chikhatho chikadali pompo,
bawuti limodzi sunamange.